Zimene Katapila Amafukula: Zomangamanga ndi Mbiri Yokwiririka m'Chigwa cha Zambezi

Mbali yaikulu ya mbiri yakale ya chigwa cha Zambezi inatulukira poyera kudzera mwa anthu amene sankafunafuna mbiri n'komwe, monga okumba migodi, omanga madamu, olambula misewu ndi oyala njanji. Ntchito zoterezi zimatembenuza m'miyezi yochepa dothi lochuluka kuposa limene katswiri wofukula zakale angakumbe pa moyo wake wonse, ndipo pachifukwa chimenechi zimaulula zimene zinabisika pansi kwa zaka mazanamazana n'kuziwononganso tsiku lomwelo. Pofuna kuchepetsa chiwonongekochi panabadwa nthambi ya maphunziro imene ingatchedwe kufukula kopulumutsa, kutanthauza kufufuza, kukumba ndi kulemba zonse za malo akale amene ntchito ya chitukuko yatsala pang'ono kuwafafaniza. Nkhaniyi ikukhudza kwambiri mzinda wa Tete ndi madera ake monga Chimadzi, popeza chiyambire ntchito ya malasha ku Moatize dothi la chigawo chino lakumbidwa kuposa nthawi ina iliyonse m'mbuyomu, ndipo funso limene likulamula zina zonse ndi la nthawi, loti kodi katswiri amafika pamalo katapila asanalire, kapena amaitanidwa mafupa ndi mapale zili kale pamulu wa dothi.

Chifukwa chimene nthawi ilili yofunika chotere chimamveka munthu akadziwa chimene wofukula zakale amafuna pansi. Anthu ambiri amaganiza kuti amafuna chinthu chamtengo wapatali, pamene iye amafuna kudziwa pamene chinthucho chinagona, chimene chinali pamwamba pake, pansi pake ndi pambali pake. Mudzi ukakhala pamalo amodzi kwa mibadwo yambiri, phulusa, zinyalala za padzala ndi dothi la zipupa zogwa zimasanjikizana m'miyalo, ndipo mwachibadwa muyalo wapansi umakhala wakale kuposa wapamwamba. Phale lopezeka m'muyalo umodzi ndi makala likhoza kupatsidwa zaka, chifukwa makala ndi mafupa zimakhala ndi mtundu wa kaboni wotchedwa kaboni 14, amene amachepa ndi theka pa zaka pafupifupi 5,730 zilizonse kuyambira tsiku limene mtengo kapena nyamayo inafa, njira imene Willard Libby anaitulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Phale lomwelo likatoledwa pamulu umene katapila wasonkhanitsa limangokhala chidutswa cha mphika, losatha kunena mwini wake kapena m'badwo wake, ndipo monga madzi akatayika saoleka, miyalo ikasokonezeka palibe luso limene lingaibwezeretse.

Chitsanzo chakale cha kutayika kotere ndi chigaza cha munthu wamakedzana chimene okumba mgodi wa mtovu ndi zinki anachipeza ku Kabwe, m'dziko la Zambia, m'chaka cha 1921. Chigazacho chinatengedwa kupita ku London, kumene chili mpaka lero, koma phanga limene chinagonamo linatha ndi ntchito ya mgodi, motero akatswiri anakhala akutsutsana za zaka zake kwa nthawi yaitali, kufikira mu 2020 pamene kuyeza kwatsopano kunaonetsa zaka pafupifupi 300,000.

Nkhani yoyenera kuikhalira pansi ndi ya Ingombe Ilede, kachitunda kamene kali pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, kumunsi kwa damu la Kariba. Damulo litasamutsa Atonga pafupifupi 57,000, ena mwa iwo anapatsidwa malo m'dera la Lusitu, ndipo m'chaka cha 1960 antchito a boma amene ankakumba maziko a thanki ya madzi pachitundapo anakumana ndi mafupa a anthu. J. H. Chaplin anathamangirako n'kufukula manda 11, ndipo ena mwa anthu ogona m'mandamo anaikidwa ndi mikanda ya golide, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zibangiri, waya wamkuwa, mikuwa youmbidwa ngati mtanda imene inkagwira ntchito pa malonda, komanso nsalu za thonje zimene tizidutswa take tinapulumuka chifukwa chokhudzana ndi mkuwa. Popeza ntchitoyo inachitika mwaliwiro, mgwirizano wa mandawo ndi miyalo ya dothi lowazungulira sunadziwike bwino, ndipo zotsatira zake zinasautsa akatswiri kwa zaka zoposa 50. Brian Fagan atakumbanso pamalopo mu 1961 ndi 1962, mandawo anayamba aganiziridwa kuti ndi a zaka 1000 zoyambirira Khristu atabadwa, koma D. W. Phillipson atabwererako mu 1968 anawasunthira ku zaka za m'ma 1300 ndi 1400. Kenaka mu 2017 Susan Keech McIntosh pamodzi ndi Fagan anafalitsa zotsatira za kuyeza nsalu zenizenizo za m'manda awiri, ndipo zinaloza ku zaka za m'ma 1500. Kusuntha kumeneku si nkhani ya manambala chabe, chifukwa zaka za m'ma 1500 ndi nthawi imene Apwitikizi ankakhazikika ku Sena ndi ku Tete, malo amene amalonda achiswahili ankawadziwa kale, ndiye kuti olemera a ku Ingombe Ilede ayenera kuonedwa ngati anthu a m'badwo umodzi ndi misika ya m'mphepete mwa Zambezi imene mzinda wa Tete unakuliramo. Chimene chinapulumutsa nkhaniyi ndi chakuti tizidutswa ta nsaluto tinasungidwa ndi kulembedwa manda amene tinachokera, kotero kuti luso limene kunalibe mu 1960 linadzatipeza tikudikira.

Damu la Cahora Bassa, limene linamangidwa kuyambira 1969 mpaka 1974, linamiza dera la masikweya kilomita pafupifupi 2,700 kuyambira ku Songo mpaka kufupi ndi Zumbo, ndipo ntchito yofufuza zakale imene inachitika madzi asanadzaze inali yochepa poyerekeza ndi kukula kwa chigwacho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Miguel Ramos anafufuza mpanda wamiyala wa paphiri la Songo, umene mamangidwe ake amakumbutsa nyumba zamiyala za ku Zimbabwe, ndipo patapita zaka Solange Macamo, katswiri wa ku Mozambique, anabwerera ku Songo n'kukumbanso ku Degue-Mufa, kufupi ndi Boroma. Koma midzi, manda, madooko ndi misika imene inali m'mphepete mwa mtsinje pa mtunda wa makilomita oposa 200 zinamira zambiri zisanalembedwe, ndipo nthawiyo inali ya nkhondo yomenyera ufulu, pamene kuyenda wapansi m'tchire la Tete kukafunsa akuluakulu za mabwinja sikunali kotheka. N'zomvetsa chisoni kuti chigawo chimene chinapereka dzina ku nyengo yathunthu ya mbiri ya Afirika chikudziwika pang'ono chotere, pakuti phanga la Chifumbaze, limene Carl Wiese anakumba mu 1907, ndilo limene Phillipson anatengako dzina lotchulira miphika ya alimi oyamba osula chitsulo amene anafalikira kum'mawa ndi kum'mwera kwa Afirika zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Dziko limene linasandutsa kufukula kopulumutsa kukhala mwambo wokhazikika wa ntchito ya misewu ndi Ireland, chilumba cha kumadzulo kwa Ulaya, ndipo zimene zinachitika kumeneko zimathandiza kuona chimene chimatheka. Chuma cha dzikolo chitakwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, boma linayamba kumanga misewu ikuluikulu yolumikiza Dublin ndi mizinda ina, ndipo bungwe loyang'anira misewu la National Roads Authority, limene mu 2015 linalowa m'bungwe latsopano la Transport Infrastructure Ireland, linagwirizana ndi unduna woona za malo akale m'chaka cha 2000 pa ndondomeko yoti ntchito iliyonse ya msewu izikhala ndi katswiri wofukula zakale kuyambira pamene njira ikusankhidwa papepala. Katswiriyo amayamba ndi mapu akale, zithunzi zojambulidwa mumlengalenga ndi kaundula wa malo odziwika kale, kuti njira ilambalale zimene zingalambalalidwe. Njira ikasankhidwa, pamabwera makina oyeza mphamvu ya maginito ya m'nthaka, amene amaonetsa pamene panayakapo moto waukulu kapena ngalande yokwiririka popanda kukumba, chifukwa dothi lopsa ndi dothi lodzaza dzenje zimasiyana ndi nthaka yosakhudzidwa. Kenaka makina okumba, okhala ndi chikapu chopanda mano kuti chisang'ambe zapansi, amasenda dothi lapamwamba m'ngalande ya mamita pafupifupi 2 m'lifupi kutsata pakati pa njira yonse, ndi ngalande zina zopatukira kumanja ndi kumanzere ngati minga za nsomba, katswiri ali chiimire pambali kuyang'ana kusintha kwa mtundu wa dothi. Pamene paoneka chizindikiro pamakumbidwa ndi manja miyezi ingapo kontilakitala wamkulu asanafike, ndipo apa ndi pamene pagona nzeru ya ndondomekoyi, popeza kawirikawiri womanga msewu sachedwetsedwa, choncho alibe chifukwa chobisira zimene zapezeka.

Zimene zinatuluka m'ngalande zimenezi zinali zochuluka zedi. Ku Raystown, pa msewu wa N2, mu 2003 ndi 2004 kunapezeka mudzi wa alimi umene unakhalapo kwa zaka mazana angapo kuyambira m'ma 400, wokhala ndi zotsalira za zigayo 8 zoyendera madzi. Ku Ballyhanna, pa msewu wa N15, kunafukulidwa manda oiwalika a anthu oposa 1,200, amene mafupa awo anaphunzitsa akatswiri za matenda, zakudya ndi imfa za ana pakati pa anthu wamba. Ku Edercloon, pa msewu wa N4, mu 2006 kunapezeka tinjira toyalidwa ndi mitengo m'dambo lonyowa, mmene matabwa ndi ziwiya zamtengo sizinaole chifukwa mpweya sufika m'matope otere. Chopezeka kawirikawiri kuposa zonse chinali chimene eni dziko amachitcha fulacht fia, mulu wa miyala yopsa pafupi ndi dzenje la madzi, mmene anthu a zaka 3,000 kapena 4,000 zapitazo ankaponyamo miyala yamoto kuti madzi awire. Komabe ndondomeko yabwinoyi sinathetse mikangano, ndipo malo awiri amaonetsa malire ake. Ku Woodstown, m'mbali mwa mtsinje wa Suir, kuyesa kwa mu 2003 kunavumbula mudzi wa zaka za m'ma 800 wa Mavaikingi, ankhondo ndi amalonda apanyanja, ndipo boma linalamula mu 2005 kuti msewu wolambalala mzinda wa Waterford upatuke, malowo asiyidwe. Ku Lismullin, pafupi ndi phiri la Tara limene anthu a ku Ireland amalilemekeza ngati likulu la mafumu awo akale, mu 2007 kunapezeka bwalo lozungulira la mamita pafupifupi 80, lochingidwa ndi nsanamira, ndipo ngakhale linalengezedwa kuti ndi chuma cha fuko, linakumbidwa, kulembedwa ndi kuchotsedwa, msewu wa M3 n'kudutsa pomwepo mu 2010 anthu ambiri akudandaula. Kusunga polemba, monga amatchulira njira yachiwiriyi, kumasiya mabuku, zithunzi ndi mabokosi a ziwiya, koma malo enieniwo amapita.

Phindu lalikulu la kufukula motsata msewu ndi lakuti msewu susankha. Katswiri akamadzisankhira yekha pokumba amakopeka ndi mipanda yamiyala, malinga a Azungu ndi malikulu a mafumu, pamene msewu umadula dambo, munda, chitunda ndi thengo mosakondera, n'kuonetsa mmene anthu wamba ankakhalira m'malo amene palibe akanawaganizira. Afirika ili ndi umboni wake pa mfundoyi, popeza paipi ya mafuta ya makilomita 1,070 yochokera ku Chad kupita kugombe la Cameroon, imene inayalidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akatswiri akuyendera limodzi ndi makina, inavumbula malo akale oposa 400 m'madera amene ambiri mwa iwo anali asanafufuzidwepo. Njanji ya makilomita 912 yochokera ku Moatize kudutsa kum'mwera kwa Malawi mpaka kudooko la Nacala ndi mzere wa mtundu womwewo, wodula dziko limene Amaravi, Amang'anja, Ayao ndi Amakua anayendamo ndi minyanga, chitsulo ndi nsalu.

Pa nkhani ya malamulo, maiko a dera lino sali m'mbuyo. Mozambique ili ndi lamulo nambala 10/88 la pa 22 Disembala 1988 loteteza chuma cha chikhalidwe, ndiponso chilamulo nambala 27/94 cha pa 20 Julayi 1994 chokhudza zofukulidwa pansi, chimene chimanena kuti ntchito iliyonse yaikulu yokumba kapena kugumula iziika pambali ndalama zosachepera 0.5 peresenti ya mtengo wa ntchito yonse kuti zilipirire kufufuza ndi kupulumutsa zakale, komanso kuti wopeza chinthu chakale mwangozi adziwitse akuluakulu a boma a m'dera lake pasanathe maola 48. Malawi ili ndi lamulo la zipilala ndi zinthu zakale la 1990, limene limaika udindo wolipira kufukula kopulumutsa pa mwini ntchito ya chitukuko, ndipo Zambia inakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission kudzera m'lamulo la 1989. Pamwamba pa izi, mabungwe obwereketsa ndalama monga World Bank amafuna kuti ntchito imene akuilipira ikhale ndi dongosolo la zopezeka mwangozi. Chofooka chili pa anthu ndi pa mtunda, pakuti akatswiri ndi ochepa, ndipo dipatimenti yowaphunzitsa pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ili ku Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete. Kuwonjezera apo, dongosolo lodalira zopezeka mwangozi limaika mtolo wonse pa woyendetsa katapila, munthu amene amalipidwa kuti amalize gawo lake msanga ndipo amadziwa kuti akanena za mafupa ntchito iima. Si chilungamo kuyembekezera kuti iye achite zimene ndondomeko yonse inalephera kukonzekera. Malo amene amaiwalika kwambiri ndi maenje okumbamo dothi ndi miyala yothira pamsewu, amene nthawi zambiri amakumbidwa pazitunda zouma, pomwe makolo ankakonda kumanga midzi.

Ngakhale zili choncho, njira za ku Ireland sizingatengedwe zonse monga zilili, chifukwa nthaka ndi anthu n'zosiyana. Kuno chiswe ndi kutentha zimadya mtengo, mphasa ndi chikopa m'zaka zochepa, motero bwinja limadziwika ndi mapale, mphero, phulusa la padzala, zibuma zopsa zokhala ndi zidindo za mitengo ya chipupa, zotsalira zolimba za chitsulo pamene panali ng'anjo, ndipo kawirikawiri ndi milambe imene imasonkhana pamalo okhalidwa kale. Zizindikiro zambiri zoterezi zimaoneka pamtunda m'chilimwe udzu ukapsa, kotero kuti gulu laling'ono la anthu ophunzitsidwa, loyenda wapansi mondondozana m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, likhoza kulemba malo ambiri pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi makina oyeza maginito. Kusiyana kwakukulu kuli pa manda. Anthu a ku Ballyhanna anali ataiwalika, pamene m'maboma a Angónia, Macanga, Chifunde ndi Marávia msitu wa manda uli ndi eni ake amoyo, ndipo pakati pa Achewa pafupi ndi manda pamakhala dambwe, malo obisika a Gule Wamkulu, amene munthu wosalowa saloledwa kupondapo ngakhale atanyamula chikalata cha boma. Pamenepa nyakwawa ndi akuluakulu a mudzi ndiwo kaundula woyamba, odziwa pamene panali kachisi wa mvula, pamene mudzi unasamuka chifukwa cha nthomba kapena nkhondo ya Angoni, ndi mtengo umene sudulidwa. Pamene mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa ku Moatize chifukwa cha ntchito ya malasha kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro m'zaka za 2009 ndi 2010, iwo anasiya malo amene mayina ake, njira zake ndi mbiri yake zinali m'mitu ya okalamba, ndipo chidziwitso chotere chimazilala msanga munthu akachoka pa nthaka imene chinamangirirapo. Kufunsa akuluakulu n'kulemba zonena zawo kuyenera kuwerengedwa ngati gawo la kufukula kopulumutsa, lofanana kulemera kwake ndi kukumba.

Mafunso amene nthaka ya Tete ingayankhe si aang'ono. Yusuf Juwayeyi atakumba ku Mankhamba, likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza ku Malawi, anapeza mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga yosemedwa, ndipo buku lake la mu 2020 linasonyeza mmene zofukulidwa zimayeserana ndi mbiri yapakamwa ya Achewa. Katundu wochokera kunyanja yamchere ankafika kwa Amaravi kudzera m'njira zingapo, ndipo imodzi mwa izo inali ya Zambezi. Mbiri yapakamwa imanenanso kuti Undi atapatukana ndi Kalonga anakakhazikika ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche kumpoto kwa Zambezi, ndipo ufumu umenewo ndi umene lero ukupitirira mwa Kalonga Gawa Undi, amene Achewa a m'maiko atatu amakamlambira chaka ndi chaka ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Pakati pa Mankhamba, Mano ndi dooko la Tete panali njira, malo ogona amalonda ndi midzi ya osula makasu, ndipo msewu uliwonse watsopano wa kumpoto kwa mtsinje umadutsa penapake pa zimenezi.

Mumzinda wa Tete momwemo, wokumba wamkulu si kampani koma munthu wamba. Ku Chimadzi, monga m'madera ena amene mzinda ukufutukukira, woumba njerwa, wokumba maziko a nyumba kapena dzenje la chimbudzi ndiye amayamba kuona mphika wathunthu, mikanda kapena mafupa, ndipo lamulo la maola 48 limamukhudza iyenso. Chimene chimathandiza pamenepo n'chosavuta, ndicho kusiya chinthucho pamene chagona, kuchijambula ndi foni chisanasunthidwe pambali pake pataikidwa khasu kapena chinthu china chosonyeza kukula kwake, ndi kudziwitsa mkulu wa dera kuti uthenga ufike ku ofesi ya zachikhalidwe ya chigawo. Anthu amabisa zopeza poopa kuti alandidwa malo, ndipo mantha amenewa adzatha pokhapokha zikaoneka kuti wonena amayamikiridwa, katswiri amafika msanga, ndipo ntchito ya nyumba imapitirira pakangopita masiku ochepa.

Mayeso aakulu amene akubwera ndi damu la Mphanda Nkuwa, limene likukonzedwa kumangidwa pa Zambezi makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa, pakati pa Songo ndi mzinda wa Tete, kuti lizipanga magetsi okwana mamegawati 1,500. Dera limene madzi ake adzamize likadali louma, eni ake akadali m'midzi yawo, ndipo pa ntchito ya mabiliyoni a madola 0.5 peresenti imene chilamulo cha 1994 chimatchula ndi ndalama zokwanira kulipira magulu oyenda wapansi kwa zilimwe zingapo, kuyeza makala ndi mafupa, kuphunzitsa achinyamata a m'chigawo chino ntchito yofukula, ndiponso kumanga mumzinda wa Tete nyumba yosungiramo zopezekazo, kuti mapale a m'chigwa cha Zambezi akhale pamene ana a sukulu a ku Chimadzi ndi ku Moatize angathe kukawaona.